Chafutambuyo pa Msana wa Mbuzi

Chipale chofewa chitayamba kusungunuka n'kumatsikira m'ngalande za m'minda ya maapozi, Semaan anagoneka matabwa ake otsetserekera pa tebulo la pakhonde. Anawapukuta, nawapaka phula kunsi monga amachitira chaka ndi chaka, ngakhale ankadziwa kuti ulendo uno akukonzera akangaude pogona. Dokotala wa ku Tripoli anali atanena kale mosapsatira mawu kuti Pasaka akangodutsa bondo lakumanzere lichotsedwa, alowetsamo lachitsulo. "Kuyenda muziyenda, kutchalitchi muzigwada pang'ono, koma zamaphedi mungoiwala, bambo," anatero dokotalayo, munthu wamsinkhu wa Rabih, mwana wachisamba wa Semaan.

"Bambo a Rabih," anaitana mkazi wake Nouhad ali kukhitchini, "kwa Afifeh akudikiratu. Kapena mwaganiza zojomba?"

"Ndani wanena zojomba?"

"Nkhope yanu."

Kumudzi kwathu kuno, kumunsi kwa mikungudza, aphunzitsi akale a masewera otsetsereka pa chipale ali ndi kamwambo kawo. Chipale choyamba chikagwa amasonkhana kunyumba yodyera ya Afifeh, aliyense n'kulonjeza pamaso pa anzake chimene achite paphiri nyengo imeneyo. Nyengo ikatha amabwereranso komweko ndi akazi awo kukaweruzana. Tsikulo linali limeneli, ndipo Semaan ankapaka phula lija pang'onopang'ono chifukwa ankafuna ayambe wadziweruza yekha anzake asanatsegule pakamwa.

Zaka makumi atatu wakhala akuphunzitsa oyamba kumene. Ntchitoyo imayenda chonchi: wophunzira amayang'ana kumunsi, mphunzitsi n'kuima kutsogolo kwake maso ndi maso, msana ataulozetsa kuchigwa, n'kumatsetsereka chafutambuyo atagwira nsonga za matabwa a wophunzirayo. Ana a mabwana a ku Beirut, amayi awo, azibambo amimba zawo obwera kudzajambulitsa atavala zodula, onse anadutsa m'manja mwa Semaan. "Nsonga pamodzi, zidendene kunja! Pulawo, amayi, pulawo!" Pulawo ndi kaimidwe kameneko, kamene oyamba kumene amachepetsera liwiro. Phiri lonse linkawadziwa mawu amenewo. Sanagwetsepo wophunzira, ndipo mbiri yake inali imeneyo.

Koma ife amene tinakula naye timakumbukira Semaan wina. Pamwamba penipeni pali phedi lotchedwa Msana wa Mbuzi, lopapatiza, miyala uku ndi uku, loti ukaima pamlomo pake suona potsikira, umangoona madenga a mudzi. Ali mnyamata Semaan ankatsika pamenepo chipewa chili m'thumba, akuimba. Nouhad anamukonda ataona zimenezo, ndipo sabisa. Kenako kunabwera ukwati, ana, ntchito, ndipo munthu uja anatembenuka n'kulipatsa phiri msana.

N'chifukwa chake mu Disembala, atamva za bondo, anaimirira kwa Afifeh n'kunena kuti, "Ine chaka chino nditsika Msana wa Mbuzi. Kamodzi kokha. Kenako adule bondolo ngati akulifuna."

Boutros, mnzake wakale amene pakamwa pake sipaphwa, anaseka mpaka kutsamwa. "Ndiye ukayang'ana kuti, achimwene? Unene msanga tikumangirire galasi la galimoto pachipewa."

Wadih, msuweni wa Semaan yemwenso ndi mwini sukulu yophunzitsa masewerawa, sanaseke. Anangoti, "Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, Semaan. Ine ndikufuna ufike mu Malichi ndi miyendo iwiri."

Chipale chenicheni chinachedwa chaka chimenecho, chinadzagwa Januwale atalowa kale. Chitagwa, anthu a m'tauni anakhuthukira kuphiri onse nthawi imodzi. Loweruka ndi Lamlungu Semaan sankapeza ndi mpata womwera khofi. Mkati mwa mlungu, mwina mphepo itseketse mipando ya pachingwe yokwera pamwamba, mwina injini isowe dizilo. Tsiku likakhala labwino, Wadih ankatulukira ndi foni m'manja. "Mayi aja a ana amapasa aimba. Akuti wina ayi, akufuna iweyo." Ndipo Semaan ankapita. Tinene zoona, munthuyu kukana sadziwa, komanso kufunidwa kumamukomera. Madzulo ankauza Nouhad kuti nyengo ikadali yaitali. Nouhad tsiku lina anamuyankha ali chosenda anyezi kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo Semaan anakwiya mpaka kukana chakudya.

Mu Febuluwale munabwera Lachiwiri lina lopanda chowiringula. Kumwamba kunali mbee, mphepo zii, chipale chatsopano, wophunzira panalibe. Semaan anakwera yekha. Atafika pamlomo pa Msana wa Mbuzi anayang'ana kumunsi, ndipo chimene chinamuchitikira sanachiyembekezere. Sanali mantha a bondo ayi. Phedilo linangomuonekera lachilendo, lotseguka moopsa, lopanda nkhope ya munthu kutsogolo yoti n'kuyang'anapo. Anati asunthe, miyendo yake inadzitsegula yokha, nsonga pamodzi, zidendene kunja. Pulawo! Pamlomo pa Msana wa Mbuzi, mwamuna wamkulu ataima ngati mwana wa tsiku loyamba. Anaima pamenepo mpaka zala za kumapazi zitachita dzanzi, kenako anabwerera n'kutsika njira yozungulira imene amadzera ophunzira.

Kunyumba anavula nsapato. Nouhad anamuikira msuzi wa mphodza patsogolo.

"Kunali mphepo?"

"Kunalibe."

Manyazi a tsiku limenelo Semaan anayenda nawo Malichi yense. M'mawa uliwonse ophunzira asanafike ankatsetsereka pamalo apakati atayang'ana kutsogolo, matabwa pamodzi, kudziphunzitsa chimene kale ankachita osaganiza. Bondo linkatupa, iye n'kumalimanga. Pang'ono ndi pang'ono thupi linayamba kukumbukira, ndipo chiyembekezo chinabwerera.

Lamlungu lomaliza linafika. Oyendetsa mipando anali atalengeza kuti mipando ya pamwamba iima masana, osayendanso mpaka chaka chamawa, chifukwa dzuwa linali litayamba kuvunditsa chipale. Wadih anamusunga ndi banja lina m'mawa wonse, "kaola kamodzi kokha, msuweni," ndipo pamene Semaan ankakhala pampando, dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo. Ulendo unali umodzi, wachiwiri panalibe. Pamwamba anamanga nsapato zolimba, napinda kangapo potsetsereka kulowera kuphedi. Miyendo inamvera. Mtima unkagunda kukhosi, koma miyendo inamvera.

"Bambo! Chonde, bambo!"

Kunsi pang'ono kwa mlomo wa phedi kunali mzimayi wovala zoyera, atatsamira phiri ndi phewa, imodzi mwa ndodo zake zotsetserekera itamupulumuka. Sankatha kukwera, sankatha kutsika. Semaan anatsika cham'mbali mpaka pamene anali.

"Mwafika bwanji kuno, amayi?"

"Amuna anga anati ndizingowatsatira."

"Ali kuti?"

"Atsika."

"Amuna anzeru. Mwatsetserekapo kangati pa moyo wanu?"

"Chaka chino n'choyamba. Bambo, ndifa ine. Ndili ndi mwana wa zaka ziwiri."

"Simufa. Musayang'ane kumunsi."

Semaan anatulutsa foni. Opulumutsa anthu paphiri anali ndi machila awo okoka, ntchitoyo inali yawo, ndipo akanafika posakhalitsa. Mayiyo sanali woti agwa, pamene anaima panali potetezeka bola asasunthe. Akanatha kuwaimbira, kumulimbitsa mtima, kudikira mpaka atawaona, kenako n'kutsika phedi lake. Palibe akanamunena. Zonsezi Semaan ankazidziwa bwino kuposa aliyense paphiri limenelo.

Koma pali chinthu chimene anachimva mkati mwake, ndipo ndi chimene chinkamudya pamene ankapaka phula pakhonde paja. Atangomva mayiyo akuitana, mtima uja unkagunda kukhosi unatsika n'kukhala m'malo. Anasangalala. Chisoni chinabwera pambuyo, choyamba chinali chimwemwe cha munthu amene wapeza pothawira. Anabweza foni m'thumba, nazungulira kunsi kwa mayiyo, natembenuka kupatsa chigwa msana.

"Ndiyang'aneni ine. Maso anu akhale pamphuno pangapa, ndi yaikulu simungaiphonye. Gwirani ndodo zangazi. Nsonga pamodzi, zidendene kunja. Eya. Tiyeni."

Anatsika naye phedi lonse, kudula cha uku, kutembenuza, kudula cha uko. Chopweteka n'chakuti zinali zosavuta. Chafutambuyo miyendo yake inkadziwa chilichonse, inkamva pamene chipale chafewa ndi pamene chaundana, bondo silinadandaule ngakhale kamodzi. Mantha analibe ndi pang'ono pomwe. Msana wa Mbuzi wonse unadutsa pansi pake iye akuyang'ana mphuno yotuluka mamina ndi utoto wa m'maso wosungunuka ndi misozi, akunena mawu omwe aja wakhala akunena zaka makumi atatu.

Kumunsi anthu anali ataunjikana, mafoni m'mwamba. Anaomba m'manja, ena kuliza likhweru. Mwamuna wa mayi uja anatulukira ndi kapu ya khofi m'manja, akumwetulira. "Ndimadziwa ine kuti atha. Amangofuna womulimbitsa mtima." Semaan anayang'ana kumtunda n'kuona mipando itaima kale, ikulendewera pachingwe yopanda munthu.

Nyengo yake yomaliza inatha choncho, ndipo tsopano, patapita mlungu, phula linali litauma pa matabwa. Anawaimika kuseri kwa chitseko, navala jekete. Iye ndi Nouhad anatsika kamsewu kamatope, mkaziyo akuchepetsa liwiro kuti kutsimphina kwa mwamuna wake kusaonekere.

Kwa Afifeh kunali kutadzaza. Matebulo anali atawalumikiza, amuna uku akazi uko, nyama yowotcha ndi mowa wa araki zikuyenda. Atadya, Afifeh, mayi wamasiye wamanja akuluakulu, anabweretsa beseni la chipale chimene anakatapa m'khwawa la mthunzi kumtunda kwa mikungudza, ndi mtsuko wa uchi wa mphesa. Lamulo lake aliyense amalidziwa. Amene wakwaniritsa lonjezo amalandira mbale ya chipale yothira uchi. Amene walephera amadya chipale chokhachokha, mpaka mbale iyere. Mwini lonjezo saweruza nawo, ndipo dzanja limodzi lotsutsa ndi lokwanira kumumana uchi.

Anayamba ndi Boutros, amene analonjeza kuti nyengo yonse sagwa pamaso pa alendo.

"Amene akuti wakwaniritsa?" anafunsa Wadih.

Palibe dzanja linakwera. Mkazi wake wa Boutros ndiye ankaseka koposa onse.

"Sikunali kugwa kuja!" anakuwa Boutros. "Ndinakhala pansi mwadala, ndimamanga nsapato."

"Ndi mutu?" anafunsa Afifeh akumuikira mbale yoyera mbuu. "Idyani, achimwene, chisanasungunuke."

Boutros anadya akubuula, atagwira tsaya, akutukwana mano ake ndi makolo a amene anayambitsa mwambowu. Ena awiri analandira uchi wawo. Kenako Wadih anaimirira, nagogoda botolo ndi mpeni, natulutsa foni. Chithunzi choyenda cha tsiku lija chinazungulira tebulo lonse ngakhale panalibe amene anali asanachione.

"Anthu inu," anatero Wadih, "ichi chaonedwa dziko lonse, mpaka kwa abale athu ku Australia. Foni yanga sikupuma. Amayi a ku Beirut akulembetsa ana a chaka chamawa, onse akufuna bambo aja otsika chafutambuyo. Ndawauza kuti bondo lachitsulo si kanthu, pamalo a oyamba kumene pulawo safuna bondo. Semaan, malo ako ali pomwepo mpaka udzatope wekha."

"Mpaka adzafe!" anatero Boutros, milomo ili buluu. "Ndipo m'manda tidzamutsitsa chafutambuyo."

Anthu anaseka, Semaan nayenso anaonetsa mano. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mawu onse oyamikira aja ankamulowa ngati minga, chifukwa ankamutamanda pa chinthu chimene iye ankachita nacho manyazi.

"Tsono," anapitiriza Wadih, "msuweni wangayu analonjeza kuti atsika Msana wa Mbuzi. Tonse tinamuona. Amene akuti wakwaniritsa?"

Manja anakwera chipinda chonse. Boutros anakweza awiri, supuni ili kukamwa.

"Ndi mkazi wa mwini m'manja!" anatero ataichotsa. "Ndani wina angathe? Ine ndikanagubuduka naye mpaka ku Tripoli."

"Wotsutsa alipo?" Wadih anafunsa pongokwaniritsa mwambo, atayamba kale kukhala pansi. Afifeh anali atadzaza mbale, mtsuko wa uchi uli m'dzanja lina.

Semaan anakweza dzanja.

Phokoso la kuseka linabuka. "Tsitsa, tsitsa!" "Mwini mlandu saweruza!" "Taonani kudzichepetsa kwake!" Wina anamugwira mkono n'kuutsitsa mwachikondi, wina anamupsompsona pamutu. Semaan akanawauza chiyani? Kuti anasangalala ataona munthu akulira paphedi? Anaona kuti amukakamiza kudya uchi umenewu, ndipo aziunyambita m'maganizo zaka zonse zimene zamutsalira.

Kuseka kunayamba kuzilala cha kumapeto kwa tebulo, kumbali ya akazi. Mmodzimmodzi anthu anatembenukira kumeneko. Nouhad anali atakweza dzanja, chigongono chili patebulo, maso ali pa mbale yake.

"Alamu," anatero Wadih akuyesa kumwetulira, "mukuyabwa m'khwapa kapena mukutsutsa?"

"Ndikutsutsa."

"Aa, mayi a Rabih, mufuna kunyazitsa amuna anu pagulu? Munthu wapulumutsa moyo uyu."

"Moyo sindikukana. Mulungu awadalitse, ndi mayi uja yemwe, amupatsenso mwamuna wina wabwinopo." Mawu ake anali otsika koma onse ankamva. "Koma amene ali mufoni yanuyo ndi wantchito wanu, a Wadih. Ameneyo mumuthirire uchi tsiku lina lililonse, ndi wanu, mwamudyerera zaka makumi atatu. Amene anaimirira muno mu Disembala ndi amuna anga. Amenewo phirilo sanatsike. Inu nonse mukudziwa chimene ankatanthauza, mukungofuna tidye tizipita."

Mkazi wa Boutros anayamba kupinda kansalu kopukutira m'manja. Wadih anakanda m'khosi, nayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza.

"Chabwino, chabwino," anatero. "Si mlandu ayi. Phiri silithawa. Chaka chamawa..."

Sanamalize. Aliyense patebulopo ankalidziwa tsiku la ku Tripoli, ndipo Boutros, amene sasowa chonena, anangoyang'ana pansi.

Afifeh anaimabe ndi mtsuko utapendekera pamwamba pa mbale, uchi utafika pamlomo. Anayang'ana Semaan. Semaan anayang'ana mkazi wake, ndipo pa kanthawi kameneko anamuda ndi mtima wonse, popeza china n'kudzinenera wekha mumtima kuti walephera, china n'kuzimva kuchokera pakamwa pa mkazi amene anakukonda uli wotsika maphedi. Komabe m'chipinda chonsecho ndi mkaziyo yekha amene anali asanamuiwale wotsika maphedi uja. Nouhad misozi inali ikutsika, koma dzanja sanatsitse.

"Bweretsani choncho, Afifeh," anatero Semaan.

Afifeh anaweramutsa mtsuko, namuikira mbaleyo patsogolo. Chipale cha kumapeto kwa nyengo si choyera kwenikweni, chimakhala chamibulu, chonunkha dothi ndi masamba a mikungudza. Supuni yoyamba inamubaya m'mano mpaka m'mutu. Palibe anaseka monga anasekera Boutros, palibenso anayang'ana kumbali. Semaan anadya osathamanga, ndipo chitasungunuka chotsalira pansi ananyamula mbaleyo ndi manja awiri n'kumwa madziwo.